Mtolo wa Bwazi wa ba Mailesi

Anthu amabwera ku polisi kudzafuna kuti wakuba amangidwe, kapena amenyedwe, kapena zonse ziwiri. Ba Mailesi anabwera Lachitatu m'mawa kudzapempha kuti wakuba wawo apulumutsidwe.

Anapeza Konsitabo Rachael Kalunga ali yekha m'kaofesi ka polisi ka m'mbali mwa msewu waukulu pa Chinyunyu, atavala juzi pamwamba pa yunifolomu, akutsokomola. Unali mwezi wa Juni, ndipo mudzi wonse unkatsokomola. Abwana ake anali atapita ku Rufunsa ndi njinga yamoto, yomwe inali imodzi yokhayo. Rachael anali atangokhala kuno miyezi inayi chichokere ku Chawama ku Lusaka, ndipo pa mitengo yonse ya m'tchire ankadziwa mitundu iwiri: wa mango ndi wosakhala wa mango.

Ba Mailesi ankaidziwa yonse. Anali mayi wamfupi, wa zikhatho zokhakhala, amene kwa zaka makumi atatu wakhala akukumba mizu ndi kusenda makungwa ochizira anthu. Sanadikire kupatsidwa mpando.

"Ba ofisa, banibela mutolo wa mizu," anatero. "Koma osakondwela. Sinifuna muntu amangidwe. Nifuna muntu asafe."

Rachael anatsegula buku, natenga cholembera, nafunsa kuti nkhaniyo iyambire poyambira.

Nkhani yake inali iyi. Kuseri kwa nyumba ya ba Mailesi kunali thandala loyanikapo mizu. Kumapeto kwa thandalalo, mbali ya kum'mawa, kunkakhala gondolosi, muzu uja umathandiza abambo otopa pa nkhani za m'banja. Malo ake anali amenewo chaka ndi chaka. Koma Lachiwiri, ponyamuka kupita kumaliro mbali ya ku Shikabeta, ba Mailesi anamuchotsa gondolosiyo n'kumupachika kudenga m'nyumba, chifukwa tonde wa oyandikana nawo anali ataphunzira kukwera thandala, ndipo tonde ameneyo sankafunikira chithandizo china chilichonse. Pamalo pakepo anayanikapo bwazi. Atabwerako dzuwa litapendeka, mtolo wa bwazi unali utasowa.

"Bwazi ni chani?" Rachael anafunsa.

"Ni muzu wabwino ukauziba. Timaika mu nkhokwe kuti vifukuto visadye chimanga. Timapaka pa bondo yotupa. Koma muntu akauphika mu poto, amwa kapu imozi, awe, mawa timukumbila." Ba Mailesi anaweramira pa tebulo. "Wakuba wanga anaziba malo, koma sanazibe muzu. Bantu banga nimabapasa vosinja kale, pa kapepala. Muzu weniweni bambili sanauonepo. Afuna gondolosi, watenga imfa."

"Ndiye kuti ni muntu amabwela kwa imwe."

"Ni wanga."

"Mazina." Rachael analunjikitsa cholembera pa pepala.

Ba Mailesi anamuyang'ana ngati wawapempha kuti avule pamsika. Anati mayina satchula. Abambo oposa makumi anayi ankadutsa njira ya kwawo, ena ponamizira kufuna mbuzi yotayika, ena kukaona munda umene alibe, ndipo onsewo ankabwera chifukwa chodziwa kuti pakamwa pa ba Mailesi ndi potseka. Rachael anati basi, apite pamsika akalengeze kuti amene waba asamwe, ndi poizoni.

"Mwana wanga, simuziba bamuna," anayankha ba Mailesi mwachisoni. "Ukauza mwamuna ati iyi mankwala ni yoopsa, azamwa makapu abili."

Kenaka ananena chimene chinawasowetsa tulo. Mankhwala awo amamwedwa mu tiyi ya madzulo, dzuwa likamalowa. Dzulo palibe amene anamwa, chifukwa bwenzi maliro atamveka. Lero ndiye linali tsiku lake. Ngati dzuwa lingafike pamwamba pa phiri la kumadzulo wakubayo asanapezeke, iwo aima pakati pa msika n'kutchula abambo onse mmodzimmodzi, kuti akazi awo akafufuze m'mapoto ndi m'mabotolo. Ankadziwa kuti ikatero ntchito yawo yathera pomwepo, ndipo mabanja angapo athera limodzi nayo. Rachael anaona kuti mayiyu ali ndi mantha enieni.

Chifuwa chinamugwiranso Rachael, natsokomola mpaka misozi. Ba Mailesi anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa masamba ouma a chanzi, namupatsa kuti awiritse amwe.

"Zikomo kwambili, ba mayi."

Ba Mailesi anamulanda masambawo m'manja msangamsanga.

"Mwaononga! Mankwala sibathokoza. Ukathokoza, mphamvu yachoka. Kwa ine muntu alandila chete, satsazika, ayenda osacheuka kumbuyo." Anataya masambawo pawindo, natulutsa ena. "Tiyesenso."

Rachael analandira atatseka pakamwa, akuona ngati wabwerera ku giredi wani.

*

Thandala linali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi tchire. Kutsogolo kunali bwalo losesedwa bwino, ndipo nkhuku zinali zitafafaniza kale phazi lililonse limene wapolisi akanalikonda. Kumbuyo kwa thandalalo kunali mpanda wa ziyangoyango zokhala ndi nyemba za ubweya. Rachael anatambasula dzanja kuti aone bwino, koma ba Mailesi anamumenya pamkono.

"Chitedze icho! Mukachigwila, muzazikanda mpaka mawa."

Pakati pa chitedzecho panali mpata, ziyangoyango zitathyoledwa chatsopano. Munthu anali atadutsa pamenepo, ndipo munthuyo, kulikonse kumene anali, sanali pa mtendere ndi khungu lake. Ba Mailesi anatola kachidutswa ka bwazi kamene kanagwa pansi, nakapala ndi chikhadabo, namununkhitsa Rachael. Fungo lake linali la mankhwala aja amapaka osewera mpira akabinya mwendo, lolowa mpaka m'mutu. Rachael anakakulunga m'pepala nakaika m'thumba. Tsopano anali ndi zinthu ziwiri zoyendera: munthu wodzikanda, ndi munthu wonunkha. M'mudzi wa chifuwa, m'nyengo ya chitedze, zimenezi zinkaloza pafupifupi aliyense.

*

Pamene njira ya kwa ba Mailesi inkakumana ndi msewu waukulu, pankakhala ba Trinity, wogulitsa mazira owiritsa ndi nthochi kwa anthu obwera kudzaona kasupe wa madzi otentha wa pa Chinyunyu. Ba Trinity sankaphonya kanthu. Basi ikadutsa ankadziwa amene wakhala pawindo ndi amene wamulipirira.

"Ine siniyangana va bantu, ba ofisa," anayamba motero. "Nili chabe pa bizinesi yanga. Koma poti mwafunsa. Mufuna bamuna bamene banangena mu njila iyi mailo, pa Chibili?"

"Bamuna, inde."

"Babili. Woyamba ni Lemmy wa minibasi, uja wa tilauzi yofina monga yamugwila pa ngongole ya moyo. Anangena twelofu koloko, anachoka mwamsanga. Wachibili..." Apa ba Trinity anatsitsa mawu mpaka anamveka kutsidya kwa msewu. "Ba dikoni Cephas. Na Baibo m'manja. Ati bayenda kupempela mu sanga. Manje ine nifunsa, Mulungu wa ba Cephas akhala chabe mu njila ya ba Mailesi? Sanga yonse iyi?" Analoza tchire lonse ndi dzanja.

"Kulibe wina?"

"Bamuna ni bamene abo. Bakazi ba nkhuni beve bapita tsiku lonse, nani angababelenge? Mugula mazila?"

Rachael anagula dzira limodzi, chifukwa umboni wa ba Trinity sunali waulere.

*

Lemmy anamupeza pa siteji, atatsamira minibasi yopita ku Chongwe imene inali kudikira anthu anayi kwa maola awiri. Rachael asanafike n'komwe, fungo lija linamulandira. Mnyamatayo ankanunkha bwazi kuyambira kumapazi mpaka kukhosi, ndipo ankadzikanda m'chiuno.

"Lemmy, mailo unali kwa ba Mailesi."

"Maningi! Nimayendako mwezi uliwonse," anatero mokweza, akuyang'ana ngati atsikana ogulitsa chimanga akumva. "Ine sinibisa, madamu. Galimoto imafuna sevisi, muntu nayenso. Koma napeza kulibe bantu. Naitana odi katatu, nabwelela, basi inali yazula na bantu."

"Nanga fungo iyi?"

Lemmy anakweza mwendo wa thalauza movutikira, naonetsa bondo lotupa lonyezimira ndi mafuta. Anagwa pa mpira Lamlungu, ndipo kabotolo ka mankhwala opaka kanali pa mpando wa dalaivala.

"Nanga kuzikanda?"

"Madamu, munagonapo mu basi iyi? Nsikizi zamene zili umu zilipila na sizoni tiketi."

Rachael anatulutsa kachidutswa kaja. Anati wapeza gondolosi wabwino, ndipo ngati Lemmy akumufuna atha kutafuna. Lemmy anakatenga mokondwa, nakafikitsa pamphuno, nakaponya pansi ngati kamuluma.

"Awe! Iyi ni bwazi! Mufuna kunipaya? Ba malume banali kukumba iyi, banatimenya tikaigwila na kudya osasamba m'manja."

Rachael anatola kachidutswako. Munthu wodziwa bwazi chonchi sakanaba bwazi. Komanso, atayang'anitsitsa thalauza lija, anaona kuti munalibe malo obisamo ngakhale machesi.

*

Golosale ya ba Cephas inali kutsidya kwa msika, ndipo nyumba yawo inali kuseri kwa golosaleyo. Ba Cephas anali dikoni wa mpingo wina wa Pentekosite wopemphera m'tenti. Anakulira m'tauni, anabadwira m'chipatala, ndipo zonsezi ankazinena kawirikawiri. Mwezi wathawo ndi iwo amene anatsogolera mwambo wotentha zithumwa ndi mizu pabwalo la mpingo, akufuula kuti mtengo ndi wa nkhuni basi. Anali munthu waulemu wotopetsa, wa nkhope yotupikana ndi mpweya wa phuma.

"Zikomo pobwela, ba ofisa. Zikomo maningi. Mulungu akudaliseni pa nchito yanu. Ba mai Destiny! Mpando wa ba ofisa!"

Mkazi wawo, ba Olipa, anatuluka ndi mpando. Anali mayi wamtali, wofatsa, wotsogolera amayi a mpingo womwewo. Anaika mpando, nagwada pang'ono, nadzikanda pamkono.

"Zikomo, ba mai Destiny," anatero ba Cephas. "Iyo sopo yatsopano muisiye, ikuonongani khungu."

Ba Olipa anavomera ndi mutu nabwerera kuseri. Rachael anafunsa za dzulo.

"Zikomo pa funso iyo. Nili pa kusala kudya kwa masiku abili, mailo na lelo. Nimasula lelo zuba ikangena. So mailo nayenda mu sanga kukamba na Atate."

"Pafupi na nyumba ya ba Mailesi."

"Zikomo ponikumbusa. Niko kwamene kufunika mapempelo maningi, ba ofisa. Nimaimilila pafupi na kumanga mizimu ya mitengo."

"Muziba ichi?" Rachael anaika kachidutswa ka bwazi pa kauntala.

Ba Cephas anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda shelefu ya shuga. Anati iwo za mitengo sazidziwa ngakhale pang'ono, sanalawepo muzu chibadwire, ndipo sangasiyanitse chinangwa ndi chingwe. Anathokoza Rachael powakayikira, chifukwa ngakhale atumwi anakayikiridwa. Nkhuku italowa m'golosale, Rachael anaipirikitsa ndi phazi, ndipo anamuthokozanso. Manja awo anali osalala, ndipo nthawi yonseyo sanadzikande ngakhale kamodzi. Kafungo ka mankhwala opaka kankamveka patalipatali kuchokera kuseri, koma m'mudzi uno m'mwezi wa Juni kafungo kameneko kanali m'nyumba iliyonse.

Kenaka chifuwa chinawagwira dikoniyo. Anatsokomola mpaka kugwira kauntala. Rachael anamva chisoni, napisa m'thumba, natulutsa mapiritsi awiri a chimfine amene anapatsidwa ku kiliniki.

"Mumwe mukamasula kusala," anatero.

Ba Cephas analandira ndi manja awiri. Anatsegula pakamwa, natsekanso, naika mapiritsiwo m'thumba la malaya. Rachael anatuluka wopanda chogwira, atatopa ndi kuthokozedwa.

*

Masana onse anazungulira pachabe. Ananunkhiza manja a ogulitsa makala, anafunsa amayi a pachigayo ngati pali mwamuna wodzikanda kunyumba, ndipo onse anati alipo. Anafufuza m'mabotolo a pa malo omwera mowa mpaka mutu unamuwawa. Pamene ankabwerera pamsika, zithunzithunzi zinali zitatalika, ndipo dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza phiri.

Ba Mailesi anali akubwera ndi njira ya kwawo. Anali atavala chitenje chawo chabwino, chija cha kumaliro ndi kuukwati, ndipo ankayenda pang'onopang'ono, maso ali pansi. Rachael anawathamangira.

"Ba mayi, nipaseniko kantawi pang'ono."

"Ntawi yasila, mwana wanga. Bazanizonda na kunida bonse, koma bazankala bamoyo."

Abambo a pamsika anali atayamba kale kuona kuti chinachake sichili bwino. Wometa tsitsi anazimitsa makina. Wosoka nsapato anayamba kulongedza katundu wake msanga. Bambo wina amene ankagula tomato anangotembenuka n'kulowera kuchimbudzi. Rachael anamva manyazi ndi mkwiyo. Mlandu wake woyamba wa yekha unali kuthera m'manja mwake, ndipo wolipira anali mayi amene sanalakwe kanthu. Chifuwa chinamutsamwitsanso. Anapisa m'thumba kufuna mapiritsi, nakumbukira kuti anawapereka, ndipo dzanja lake linangokhudza masamba a chanzi aja.

Anaima chilili.

Ba Cephas anathokoza moni. Anathokoza mpando. Anathokoza funso, anathokoza kukayikiridwa, anathokoza ngakhale nkhuku. Koma atalandira mankhwala, munthu wothokoza uja anameza mawu. Munthu wa m'tauni, wobadwira m'chipatala, wosasiyanitsa chinangwa ndi chingwe, anaphunzira kuti mwambo umenewo?

"Ba mayi," anatero Rachael motsitsa, "ba dikoni Cephas."

Nkhope ya ba Mailesi inangouma, osavomera, osakana, ndipo Rachael anadziwa kuti yankho lake ndi lomwelo. Kenaka anakumbukira chinthu china choopsa. Dzulo munthuyo sanamwe chifukwa anali pa kusala. Kusalako kunali kutha tsopano lino.

Anayamba kuthamanga.

*

Golosale inali yotseka. Kuseri kunkamveka mawu a ba Cephas, okwera ndi kutsika. Rachael anazungulira nyumba, nadumpha beseni la zovala, nawaona. Dikoniyo anali pakhonde, atakhala pa mpando, maso otseka, kapu yayikulu ya tiyi ili m'manja awiri. Anali kudalitsa chakudya. Anali atathokoza kale za mvula ya chaka chatha, za boma, za misewu, ndi za ana a ku Isiraeli, ndipo tsopano anali pa shuga ndi amene analima nzimbe. Anthu a mpingo wawo akhala akudandaula za kutalika kwa mapemphero a ba Cephas kwa zaka zambiri. Tsiku limeneli kutalikako kunagwira ntchito.

"...mu zina lamphamvu, ame—"

Rachael anaimenya kapuyo ndi dzanja lonse. Inauluka n'kukagwa pafupi ndi nthochi, tiyi ali mbwee pabwalo. Fungo la bwazi linadzaza khonde lonse.

"Yesu!" anafuula ba Cephas. "Ba ofisa, mwagwidwa na chiwanda?"

"Mutolo uli kuti?" Rachael anafunsa akupuma mwawefuwefu. "Munaba bwazi kwa ba Mailesi. Iyo tiyi sembe yakupayani."

"Ine? Kuba?"

"Osakana. Simunathokoze mapilisi."

Ba Cephas anakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Anayang'ana kukhitchini kumene kunali mkazi wawo, nayang'ana Rachael, nayang'ananso ba Mailesi amene anali atangofika akukoka miyendo. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono, osati a paguwa aja.

"Chabwino. Nimayendako. Zaka sikisi. Koma kuchokela mu Epulo banikaniza. Bakuti mapazi yanga yatupa, mutima uthamanga, niyambe nayenda ku kiliniki bakanipime BP, nibwelese pepala. Manje nesi wa pa kiliniki aimba mu kwaya yathu, ninganene kuti nifuna pepala ya chani? Mailo nayenda kukapempha futi, napeza kulibe bantu, nabwelela. Sininatenge kantu. Tiyi iyi sinapike ndine. Ine siniziba na pamene pankala masamba ya tiyi."

Rachael anawayang'ana mikono ndi miyendo. Panalibe ngakhale kachizindikiro ka chikhadabo. Munthuyu sanadutse m'chitedze. Ndipo pamenepo anamvanso mawu a ba Trinity m'mutu mwake: akazi a nkhuni, ndani angawawerenge? Iye anafunsa za amuna okhaokha.

Onse atatu anatembenukira kukhitchini. Ba Olipa anali ataima pakhomo, ketulo ili m'dzanja limodzi, dzanja linalo likukanda mkono wofiira ndi mikwingwirima.

"Si sopo," anatero Rachael.

"Si sopo," anavomera ba Olipa.

Ba Mailesi anapita nawalanda ketuloyo, natsegula chivundikiro. Mizu inali itadzaza mpaka pakamwa, moti tiyi ndiye anali mlendo m'menemo. Anapukusa mutu, nanena mosakweza mawu kuti zimenezo zikanagwetsa ng'ombe yapangolo pamodzi ndi ngolo yake. Ba Olipa atamva zimenezo anakhala pansi pafumbi pomwepo nayamba kulira, ndipo kulira kwake sikunali kwa chionetsero.

"Nenze kufuna chabe mwamuna wanga abwelele," anatero. "Kuchokela mu Epulo bangofika, bagona monga saka ya chimanga, ati ni kusala, ati ni mutolo wa mpingo. Nenze kuganiza kapena nakalamba, kapena bapeza wina. Nenze kuziba pamene ba Mailesi baika ija mankwala, kumapeto kwa thandala. Ninabakonkapo kale ba Cephas, naona na maso yanga. Mailo natenga chingwe monga niyenda ku nkhuni, napita kumbuyo kuti bantu basanione. Ine, mai wa mpingo, ningangene bwanji pa khomo ya kutsogolo?"

Ba Cephas anaiwala za poizoni. Chinawalasa ndi china.

"Munanikonka? Liti?"

"Chaka choyamba."

"Muziba zaka zonse izi?"

"Zonse sikisi."

"Na pamene nenze kushoka mizu pa bwalo ya mpingo?"

"Ndine ninakupasani machisa."

Dikoniyo anagwira mutu ndi manja awiri. Zaka zisanu ndi chimodzi za kuzemba ndi Baibulo m'khwapa, za kubisa timapepala m'sokosi, za kusakaniza tiyi mkazi atatembenuka, zonsezo anazivutikira munthu amene ankadziwa kale. Anafunsa, pafupifupi mokuwa, kuti nanga bwanji sananene kanthu nthawi yonseyo, ngakhale liwu limodzi.

Ba Olipa anapukuta misozi ndi chitenje, nawayang'ana mwamuna wawo modabwa, ngati afunsa chinthu chimene mwana aliyense amadziwa.

"Ninganene chani, batate Destiny? Vinali kusebenza, vinali kugwila nchito. Mankwala sibathokoza."

Ba Mailesi anatenga khasu limene linali pakhoma, nakumba dzenje kuseri kwa nthochi, nakhuthuliramo zonse za m'ketulo, nakwirira, napondaponda. Analamula kuti ketuloyo isaphikirenso kanthu. Analamulanso kuti mawa m'mawa onse awiri akwere basi ya ku Rufunsa, kumene kulibe nesi wa m'kwaya, akapimitse magazi a bamboyo. Ba Olipa anati awaperekeza mpaka pa mpando wa dokotala. Ba Cephas anatsegula pakamwa kuti athokoze, koma sanadziwe ngati zimenezi zinali m'gulu la mankhwala kapena ayi, choncho anangogwira dzanja la mkazi wawo, dzanja lokandikakandika lija, osalisiya.

Rachael anatulutsa kabuku kake. Panali wakuba, panali umboni, panali ndi kuvomera. Anayang'ana ba Mailesi.

"Mulembe ati ni mbuzi," anatero mayiyo. "Tonde wa ba neba. Azibika kale."

Rachael analemba kuti ndi mbuzi. Dzuwa linali litalowa kuseri kwa phiri, ndipo palibe dzina limene linatchulidwa pamsika. Wometa tsitsi uja anali atayatsanso makina ake.

Potuluka pampanda, chifuwa chinamugwiranso. Ba Mailesi anamasula mfundo ya chitenje namupatsa masamba ena a chanzi, ochuluka kuposa a m'mawa. Rachael analandira ndi manja awiri. Mawu anafika mpaka pamilomo, chifukwa anali ndi zambiri zoti athokoze, koma anawameza. Sanatsazike. Anangotembenuka nayamba ulendo wa ku ofesi.

Atayenda pang'ono, kumbuyo kwake kunabuka phokoso. Ba Olipa anali atasiya kulira, ndipo tsopano ankafuna kudziwa kuti chaka chatha pa Khirisimasi, pamene iwo anali kwa amayi awo ku Luangwa milungu itatu, timapepala tiwiri ta m'sokosi tinapita kuti. Ba Cephas ankayankha mothokoza funsolo. Chinachake chinagwa, mwina mpando, ndipo nkhuku zinabalalika.

Rachael anali wapolisi, ndipo khosi lake linkayabwa kufuna kucheuka kuposa mmene chitedze chikanaliyabwitsira. Anafumbata masamba ake m'thumba, natsokomola kamodzi, napitiriza kuyenda maso ali kutsogolo.